Tepi Yoyera pa Nyanga za Hidde

Renske anafika pa shopu yanga Lachiwiri m'mawa akukoka njinga ya mwamuna wake ngati nkhosa yokana kulowa m'khola. Njinga za mpikisano zimatero zikagwidwa ndi munthu amene sazikonda, tayala lakutsogolo limangogwedera uku ndi uku.

"A Sietse, ikani khofiyo pansi. Ndikufuna maso anu."

"Maso anga, alamu? Mwachedwa nawo zaka makumi atatu. Paja munasankha Hidde."

Sanaseke. Anaitsamiza pa benchi yanga, n'kupinda manja.

Hidde ndi mnzanga wa kalekale. Sukulu tinkathawa limodzi, kungoti iye anadzabwererako mpaka kukhala woyeza malo ku khonsolo, ine n'kutsala ndi sipanala. Atakwanitsa zaka makumi anayi anagwidwa ndi matenda aja ovuta amuna a kuno akayamba dazi, mpikisano wa patatu: kusambira m'ngalande yozizira, kupalasa tsiku lonse, kenako kuthamanga ngati waba kanthu. Wachita zimenezi maulendo khumi ndi asanu ndi anayi. Mu Januwale mtima unamugwetsa pakhomo la bafa, ndipo amene anamupeza ali gada, milomo itachita bii, ndi Renske. Madokotala anamuika kapaipi mu mtsempha n'kumuuza kuti chaka chathunthu aziyenda pansi, kapena azikwera kanjinga kokagulira buledi, basi. Renske anawonjezapo lamulo lake, ine ndili pomwepo m'chipatala ndi mphesa zanga m'manja.

"Mukadzangokwera ijayi, ndinyamuka kupita kwa mchemwali wanga ku Groningen, ndipo musadzandidikire."

Renske saopseza kawiri. Anasiya kulankhula ndi wansembe wina chifukwa cha nyimbo ya pa maliro a mayi ake, mpaka wansembeyo anasamuka.

Mu Malichi anabwera ndi nzeru. Njinga zimenezi zili ndi timapaipi tiwiri tosongoka kutsogolo kwa mahandulo, ife timati nyanga. Wopalasa amagoneka zigongono pa timapilo, manja n'kugwira kunsonga kwa nyangazo ngati akupemphera, kuti mphepo izimudutsa pamsana. Pogwirapo timakulungapo tepi kuti manja a thukuta asaterereke. Renske anati ndikulunge yoyera. Tepi yoyera timaika mawa lake kuli mpikisano, chifukwa ukangoigwira kamodzi ndi dzanja la thukuta, yanena kale. Ndiye ankafuna mlonda wosadya, wosagona. Ndinaikulunga Hidde akuonerera, akuseka kuti njinga yake nayonso yamangidwa bandeji.

Tsopano unali mwezi wa Julaye.

"Tayang'anani," anatero Renske.

Tepi inali mbee.

"Ndiye vuto lili pati, alamu? Mlonda wanu akuti sikunabwere wakuba."

"Makatani anga a kukhitchini ndimachapa mwezi ndi mwezi, koma amafiirabe. Iyi yakhala m'galaja miyezi inayi, momwe muli utsi wa galimoto, fumbi, akangaude. Sabata yatha inali yoyera. Lero yayera kuposa sabata yatha. Ndiuzeni inu odziwa, ndi tepi yanji imene imakula chobwerera?"

Ndisaname, ine ndinali nditaona kale njingayo isanadutse n'komwe pachitseko. Ndinangotenga magalasi n'kuyamba kuwapukuta nthawi yaitali, kuti mutu upeze pothawira.

Makaniko aliyense ali ndi dzanja lake pa tepi. Ine ndimayambira kunsonga kubwerera ku zigongono, nyanga ya kumanzere kuzungulira mkati, ya kumanja kuzunguliranso mkati, kuti munthu akamafinya azilimbitsa m'malo momasula. Pomaliza ndimamanga ndi katepi kakuda kawiri, n'kudula ndi lumo chopendekera, mfundo kuibisa pansi. Amene anakulunga iyi anatengera zonse. Ngakhale kupendekera kwa lumo. Mbava yophunzira, yoti yakhala pa benchi yanga zaka zambirimbiri ikumwa khofi wanga, maso ali pa zala zanga. Ndinatsala pang'ono kunyadira.

Koma ine tepi yanga ndimafikitsa zala zitatu kuchokera pa timapilo. Iyi inathera patali, pongokwana dzanja limodzi, kumbuyo konse chitsulo chili pamtunda.

Muyenera kuwadziwa anthu a mpikisanowa. Amayeza mabawuti pa sikelo ya kukhitchini. Amakhulupirira kuti tepi yowonjezera imalemera, ndiponso imakola mphepo. Ndiye taganizani munthu ali m'galaja, akubisa mlandu woti ukadziwika banja latha, mtima uli ndi kapaipi, lumo lili m'manja. Wina aliyense akanakopera ndendende n'kuthawa. Iye anayang'ana nyangazo n'kuganiza kuti, poti ndili pompano, bwanji ndichotseko pang'ono. Ndipo sabata iliyonse ankachotsako chala chimodzi. Timapilonso anali atatiyandikizitsa kuti mapewa apanikizane.

"Isiyeni pano, alamu, ndiione bwinobwino masana."

"Kuti mumuimbire kaye."

"Ine?"

"Inu. Ndani amamugulitsa tepiyo?"

"Apo ndiye mwandilakwira. Chibwerereni ku chipatala sanagulepo kanthu muno, ngakhale kamphira ka vavu."

Ndipo zinali zoona, zinandiwawanso. Munthu wako kumakagula tepi kwa anthu achilendo.

Renske anandiyang'ana ngati akuwerenga tsiku lotha ntchito pa botolo la mkaka. Kenako anakhala pa mpando wa makasitomala n'kuyamba kutula. Lachiwiri ndi Lachisanu iye amagwira ntchito tsiku lonse kunyumba yosungirako okalamba. Masiku omwewo Hidde amati amakayenda ndi gulu la odwala mtima m'mbali mwa khoma lotchinga nyanja. Zovala zopalasira sanazionepo m'dengu la zochapa, anafufuza mpaka m'buti ya galimoto. Mataulo amawanunkhiza. Nsapato zopalasira anazithira ufa pang'ono mkati, ufawo ulipobe. Koma munthuyo akudya za anthu awiri, lamba akusunthira mkati, ndipo nthochi m'nyumba sizikugona.

"Gulu la odwala mtima limadya nthochi zisanu ndi imodzi pa tsiku?"

"Mwina amagawana."

"Lero sindinapite ku ntchito. Ndinatuluka nayo njingayi iye ali kosamba. Ndamulembera pa foni kuti ndapeza wogula ndipo ndili kwa inu."

Ndinayang'ana wotchi ya pakhoma. Kuchoka kwawo kufika pa shopu ndi mphindi khumi ndi zisanu pa galimoto. Hidde anafika patatha zisanu ndi zitatu pa galimoto ya oyandikana nawo, tsitsi lotsala lija lili lonyowa, malaya atamanga mabatani mophonya.

"Wogula ali kuti?"

"Khalani pansi, a Hidde," anatero mkazi wake. "Musathamange, paja ndinu wodwala."

Anayang'ana njinga, anayang'ana mkazi wake, n'kuthera pa ine. Ndinamuona akuwerenga nkhope yanga, ine ndikuwerenga yake. Ndinayang'ananso milomo yake, kaya chifukwa chiyani. Inali yofiira bwinobwino, ndipo kunena zoona ankaoneka wathanzi kuposa ine.

Pa ntchito yathu pali mwambo. Mkazi kapena mwamuna wa kasitomala akafunsa zimene zachitika pa benchi, makaniko amaiwala. Ndaiwalapo zambiri ine: mawilo atsopano amene ndinati ndi akale opukuta, njinga yopindika imene ndinati inagwa yokha pa msomali. Ukangoyamba kukumbukira, Loweruka m'mawa shopu imakhala zii. Koma zonsezo zinali za zitsulo.

"Aise," ndinatero, "pali chimene ukufuna kunena ndisanagwire lumo?"

"Ndinene chiyani? Mayiwa akhala akundinunkhiza ngati galu wa apolisi chiyambire Isitala. Tepi ndi imeneyo, yoyera. Anaifuna okha. Si ntchito yako iyi, Sietse? Tawauza. Suzindikiranso dzanja lako?"

Ananena akundiyang'ana m'maso. Mawu anga amodzi okha, akuti eya, akanabwerera kwawo onse awiri, njinga m'buti. Ndipo Lachisanu akanakhala ali pa msewu wautali uja wa m'minda, mutu pansi, komwe ungagone mu udzu mpaka ng'ombe zokha n'kukupeza.

Ndinaika zala zitatu patsogolo pa kapilo.

"Ntchito yanga imafika apa."

Onse anayang'ana chitsulo chosavala chija, kuchokera pa zala zanga kukafika pomwe tepi inayambira. Panali danga loti mpheta n'kuterapo.

"Yafupika ndi kutentha," anatero Hidde. "M'galaja muja mumatentha chilimwe chino."

"Yafupika n'kudzimanganso yokha ndi katepi kakuda? Ndiye ndiipatse ntchito, ine ndizikhala kunyumba."

"Mwina waiwala mmene unakulungira. Wakalamba, mdala."

"Masulani," anatero Renske.

Ndinadula katepi kakuda ku nyanga ya kumanzere n'kuyamba kuvundukula. Pamwamba mbee, koma pansi pake nkhani ina. Guluu wa matepi akale anali atasanjikizana mizeremizere, uliwonse kufupikirapo kuposa unzake, ngati madzi a m'ngalande akamaphwa. Ndinawerenga mizere khumi ndi umodzi, sindinatchule. Pakati pa mizereyo panali mchere wa thukuta, wouma, woti n'kukanda ndi chikhadabo. Fungo lakenso linatuluka, lija la m'chipinda chovulira anyamata a mpira. Renske anapaka chala, n'kuchiyang'ana.

"Nsapato?" anafunsa osatembenuka.

Hidde anaulula. "Ndinagula zina. Zimakhala kwa mnzathu Jelmer, m'shedi ya ngalawa yake. Zovalanso."

"Ndiye Jelmer akudziwa. Mkazi wa Jelmer?"

"Ayi."

"Amene ndinamwa naye tiyi Lamlungu."

"Sakudziwa, ndikulumbira."

"Lumbirani pang'onopang'ono, mungatope."

Ndikanalekera pomwepo, mlandu unali utatha. Koma dzanja la makaniko silisiya nyanga imodzi yovala ina yosavala. Nditavundukula ya kumanja kawiri katatu, kanagwa kapepala kokutidwa m'pulasitiki, kopindidwa mwaudongo ngati ka mankhwala. Hidde anadumpha kuti akatole, koma Renske anali ataponda kale ndi nsapato.

Anawerenga mokweza, mawu ake ali phee ngati akuwerenga mndandanda wa zogula. Panali dzina la Hidde, tsiku lobadwa, mayina a mapiritsi ake atatu. Pansi pake: "Mukandipeza nditagwa, imbirani Sietse wokonza njinga." Nambala yanga. "Mkazi wanga musamuimbire. Sietse akamuuza yekha."

Anapinda kapepalako n'kutembenukira kwa ine.

"Ndiye mumadziwa."

"Alamu, ndikukaona koyamba limodzi ndi inu."

"Munapukuta magalasi mphindi zisanu. Munati ndiisiye muione masana."

"Sakudziwa kanthu," anatero Hidde.

"Inu ndiye mboni yake? Lero?"

Apa ndiye ndinapsa mtima, ndipo ine sindipsa mtima kawirikawiri chifukwa zimasokoneza chimbudzi.

"Iwe Hidde, unandilemba ntchito yokagogoda pakhomo pako chipewa chili m'manja, osandifunsa n'komwe? Ndikanati chiyani? Alamu, pepani, koma anafa mapewa atapanikizana bwino? Ndiponso ndani akanakapeza kapepalako? A ambulansi amabwera ndi sizasi yodulira malaya, sakhala pansi n'kumavundukula tepi."

"Ndinasiya kansonga panja. Ndinakapaka kofiira."

"Kuti?"

Analoza kunsi kwa nyanga.

"Kumene kumaona nyerere zokha."

"Pamwamba akanaona Renske."

Ndinafuna kuseka, koma nditaona nkhope ya Renske kuseka kunabwerera m'mimba. Sankalira. Ankangoyang'ana mwamuna wake ngati munthu amene wamukhalira pafupi m'sitima n'kuyamba kumuuza za moyo wake.

Hidde anayamba kulongosola, manja ali m'mwamba. Mpikisano wa kumapeto kwa Ogasiti ukanakhala wake wa makumi awiri. Anali atalembetsa chaka chatha, asanadwale. Sankafuna kupambana munthu, ankangofuna kumaliza. M'nyumba muja aliyense amamuyang'ana ngati kapu yong'aluka, ana akaimba foni amafunsa mayi awo kuti bambo adya. Pa njinga pokha ndi pamene palibe womufunsa kuti mukupeza bwanji. Ndipo amasamala, ali ndi wotchi yoyeza kugunda kwa mtima, ikangolira amachepetsa.

"Ndimapalasa pang'onopang'ono, Renske. Ngati nkhalamba yopita ku tchalitchi. Mufunse aliyense."

Renske anandiyang'ana. Sindikudziwa ngati ankandifunsa kapena ankandiyesa.

"Aise," ndinatero, "nkhalamba yopita ku tchalitchi sichita ndewu ndi mphepo. Tepi unafupikitsiranji?"

Hidde anayamba kukonza mabatani a malaya ake aja.

Panja panadutsa thirakitala, magalasi a shopu ananjenjemera. Renske anaimirira, n'kutsegula chikwama chake chachikulu chija chopitira ku ntchito.

"A Sietse, masulani nyangazo."

Ndi mabawuti anayi okha. Ndinamasula pang'onopang'ono. Nthambo za magiya ndinazisolola bwinobwino, sindidula chinthu chabwino ngakhale pa maliro. Anazitenga, zomatamata ndi guluu, n'kuziika m'chikwama pamodzi ndi kapepala kaja. Nsonga zinatulukira panja.

"Supu ali mu fuliji, akukwanirani masiku awiri. Mapiritsi a madzulo ndi oyera aja. Kiyi wa galimoto ndi uyu, ine ndikwera sitima."

"Renske, tiyeni tikakambirane kunyumba."

"Mukauze Sietse, adzandiuza yekha."

Anatuluka. Tinamuona pa windo akuwoloka mlatho kulowera ku siteshoni, osacheuka, nyanga zili pamapewa. Hidde anakhala pa mpando umene mkazi wake anachokapo. Patapita nthawi anati:

"Uli nazo nyanga zina kuseri, eti?"

"Ndili nazo mapeya atatu."

"Ndimangofunsa."

"Ukaitanitsa pa intaneti zimafika mawa lake. Tepi unkagula komweko, njira ukuidziwa."

Ndinanena dala, ndione. Anangoti, "Ndiwe galu, Sietse," n'kupempha khofi. Ndinamupatsa wopanda mphamvu uja wa odwala, anamwa osadandaula, ndipo mpamene ndinadziwa kuti zamulowa.

Njinga ndinaipachika kudenga, yopanda nyanga ngati ng'ombe yodulidwa. Hidde ankabwera tsiku lililonse kudzakhala pansi pake. Foni Renske sankayankha. Mchemwali wake anayankha kamodzi, n'kunena kuti kuno kulibe munthu wa dzina limenelo, kenako n'kufunsa ngati wamwa mapiritsi. Ine sindinamukhulupirire Hidde ngakhale tsiku limodzi. Akapita kokodza ndinkayang'ana kuseri ngati mapeya anga atatu adakalipo. Ndinadutsa dala pa shedi ya Jelmer kawiri, n'kusuzumira pa windo kuona ngati njinga yakale yofiira ya Jelmeryo idakalimo. Jelmer anandipeza ulendo wachiwiriwo n'kundifunsa ngati ndayamba kuba ngalawa.

Tsiku la khumi ndi chiwiri Hidde anabwera atavala jekete la ukwati wa mwana wake. Anandionetsa kalata yochokera kwa okonza mpikisano, yovomera kuti dzina lake lachotsedwa. M'thumba la pulasitiki munali nsapato za kwa Jelmer zija ndi zovala zake zopalasira.

"Ukapereka kwa Renske ngati mphatso?"

"Ngati umboni."

"Akakakubweza?"

"Ndikakhala pa sitepe ya pakhomo pawo. Mchemwali wakeyo amaopa zonena anthu oyandikana nawo."

Anakhala pa sitepe masiku awiri, kugona ku kahotela ka pafupi ndi siteshoni, m'mawa n'kubwereranso. Lachitatu lake anatsika sitima ya masana ali awiri. Ndinawaona akudutsa pa mlatho, Renske patsogolo, Hidde pambuyo ndi masutikesi, mkazi wake akumukalipira kuti asanyamule onse nthawi imodzi. Nyanga zinatsala ku Groningen. Akuti mchemwali uja anazizika m'dimba, zikugwira matimati.

Tsiku la mpikisano Hidde anaima pa kona ya tchalitchi atavala chibakuwa cha othandiza, akupereka makapu a madzi kwa othamanga n'kumawauza kuti akuponda molakwika. Renske anakhala pa mpando wopinda pambuyo pake tsiku lonse. Ine amandipatsa moni, alamu anga, koma njinga yake yopitira ku ntchito amakakonzetsa ku tawuni ina. Loweruka m'mawa nakonso anthu achepako pa benchi yanga, mbiri inamveka kuti Sietse wayamba kukumbukira.

Sabata yatha kunatentha, Hidde anabwera atavala kabudula. Anakhala pansi, n'kusanjikiza miyendo. Anthu a mpikisanowa amameta miyendo, akuti ubweya nawonso umakola mphepo. Yake inali see, yonyezimira, pa bondo pali kabala katsopano ka lezala.

Ndinayang'ana miyendoyo. Iye anayang'ana kudenga.

"N'chizolowezi chabe, aise."

"Sindinafunse."

"Ukamera umayabwa."

Atapita ndinatenga makwerero, n'kukwera kukagwira matayala a njinga yake. Anali ophwa, fumbi lili pa chishalo. Ndinatsika, n'kuimbira Jelmer kumufunsa kuti njinga yake yakale ija, yofiira, ili kuti masiku ano. Anati anabwereketsa msuweni wake. Ndinamufunsa dzina la msuweniyo, anati foni ikuduladula.